Maliro Adakana pa Chitunda

Ndayendetsa lole ya dizilo zaka zochuluka moti msana wanga udapindika motsatira mpando wake. Loleyo si yanga ayi. Mwini wake ndi bambo wina wachisilamu amene ali ndi sitolo ya zitsulo pa boma pa Dedza, munthu wosalankhulalankhula. Ntchito yathu ndi kunyamula kachewere, nyemba, kabichi, nthawi zina matabwa. Timakatenga katundu kumidzi ya kumapiri uko, kumene msewu umauzindikira poona pamene udzu wachepa, n'kutsika naye ku msewu waukulu.

Anthu amayesa dalaivala amatopa ndi chiwongolero. Ine chidandikalambitsa ndi mafuta. Injini ya dizilo ndi yopirira, imakwera phiri itasenza mopyola muyeso osadandaula, koma ili ndi adani awiri, madzi ndi mpweya. Mafuta amachoka m'thanki, n'kuyenda m'kapaipi kukafika pa fyuluta yosefa zinyalala, kenaka pampu imawakankhira mu injini. Madzi akangolowa m'njira imeneyi lole imayamba kutsokomola, n'kuzima, ndipo ngakhale uinyengerere chotani siidzuka mpaka utawachotsa. Kuno kumazizira, thanki ikagona yosadzaza imachita thukuta m'kati. Ndiye m'mawa uliwonse ndisanalize injini ndimagwada pambali pa lole, kumasula kabawuti ka pansi pa fyuluta kuti timadzi titsike. Maondo angawa adada ndi ntchito imeneyi, osati ndi mapemphero, ngakhale akazi anga akadakonda zikadakhala choncho.

Nyengo imene ndikukambayi mafuta adasowa. Pa malo omwetsera mafuta mizere inkachita kukhota kuseri kwa masitolo, munthu kuima tsiku lathunthu n'kubwerera wopanda ndi dontho lomwe. Tinkadalira dizilo wa m'zigubu, wosadziwika kumene wachokera ndi zimene wakumana nazo panjira. Ndidali ndi lamulo langa. Chigubu chikabwera chikhale pansi kaye kanthawi, poti madzi ndi olemera, amatsikira pansi okha. Ukatero thira mofatsa, ndipo usiye zala ziwiri pansi pa chigubucho. Osakhuthula chonse ayi, ngakhale mwini chigubu akuyang'ane ngati ukumubera.

M'mwezi wa chisanu, mlimi wina wa m'mudzi wa kuseri kwa Lobi adamwalira kuchipatala. Ndinkamudziwa bwino, poti ndinkamunyamulira kachewere chaka ndi chaka. Abale ake adabwera kusitolo kudzapempha lole yoti inyamule maliro. Abwana anga sadavute. Adati, "Maliro n'kulirana. Tengani lole ndi dalaivala yemwe. Koma thanki yauma gwa, mafuta muone chochita."

Mudzi udasonkha. Sadasonkhe ndalama, poti masiku amenewo ndalama sizinkagula dizilo. Adasonkha mafuta enieniwo. M'mawa ndikufika nayo lole kuseri kwa chipatala, pa timafuta totsala ta dzulo lake, ndidapeza amuna ataima ndi zimene abweretsa. Wina adali ndi botolo la mafuta ophikira lodzaza dizilo wa mu injini yake yothirira kudimba, wina kachigubu kobwereka kwa mlamu wake. Aliyense ankabwera ndi chake m'manja awiri, ine n'kuyang'ana, n'kununkhiza, n'kuthira. Zidandikhudza mtima, kunena zoona. Anthuwa adapereka chinthu chimene sadali kudziwa kuti adzachipezanso liti.

Omaliza adali atsibweni a malemu, mwini mbumba, nkhalamba yaitali ya chikhoti chakuda, imene idali ndi chigayo m'mudzimo. Adanyamula chigubu chachikulu chachikasu, chochokera pa diramu ya kuchigayoko. Nditatambasula manja kuti ndilandire, adakana.

"Ichi ndithira ndekha, a dalaivala. Ndi mwana wa mlongo wanga uyu."

Ine ndidagwira botolo lodula pakati limene ndimathirira mafuta, iwo n'kumathira. Poyamba zidayenda bwino. Chigubu chitatsala pang'ono kutha, ndidaona mafuta asintha maonekedwe, ayamba kutuwa ngati madzi otsukira mpunga.

"Bambo, basi pomwepa. Otsalawo tiwasiye."

"Pamaliro sitibweza kanthu kunyumba," adatero atsibweniwo. Adachizondotsa chigubucho, n'kuchigwedeza kuti ndi dontho lomwe lisatsale. Amuna amene adaima pamenepo adavomereza ndi mitu, kuyamikira kuwolowa manja kwa mkuluyo.

Ndidadziwa chimene chalowa m'thanki. Ndidadziwanso chochita, kulowa pansi pa lole, kumasula bawuti la pansi pa thanki, madziwo atuluke tisanayambe ulendo. Koma nthawi yomweyo bokosi lidatulukira pakhomo, amayi n'kuyamba kulira. Ndikadatha bwanji kugona pansi pa lole n'kumataya m'dothi mphatso ya mwini mbumba, anthu onse akuona? Ndidadziuza kuti fyuluta igwira, madziwo ndi ochepa. Dalaivala akafuna kudzinamiza sasowa mawu.

Pa anthu amene adakwera kumbuyo padali mkazi wa malemu. Adali mtengwa m'mudzimo, kwawo kudali kufupi ndi Chongoni. Mayi wamfupi, wofatsa, amene ankasoka pakamwa pa matumba a kachewere tikamapakira, ndipo sankalola kuti ndichoke pakhomo pake ndisanamwe thobwa. Nkhani yake idali itayamba kale kuyenda m'makutu. Iye ndi mwamuna wake adayambana pa zazing'ono za m'banja, mayiyo n'kupita kwa amake kukapuma. Ali komweko mwamunayo adadwala. Atamva adathamangira kuchipatala, n'kumudwazika mpaka tsiku lomaliza, koma kumudzi ankangokamba za sabata imene adachokapoyo. Mtengwa akafedwa, kukhala kapena kuchoka kwake kumakhala m'kamwa mwa eni mudzi. Nyumba, dimba ndi munda wa kachewere zonse zidali pa nthaka ya kuchimuna, ndipo wonena mawu omaliza adali atsibweni omwe aja.

Tidanyamuka dzuwa litakwera pang'ono. Kutsogolo ndidakhala ndi atsibweniwo ndi mkulu wa mpingo wa Chikatolika wa m'mudzimo, kolona ili m'manja. Kumbuyo amayi a mphakati ankaimba nyimbo za maliro, mphepo ikuwalanda mawu. Pa tala lole idayenda bwinobwino, ine mtima n'kuyamba kukhala pansi. Titapatukira mumsewu wafumbi mabampu adayamba kuvundula thanki. Ndinkayendetsa khutu lili pa injini, osamva n'komwe zimene akuluakulu aja ankakamba pambali panga.

Pali kamtsinje kena kamene ukangokaoloka umayamba chitunda chachitali, ndipo mudziwo uli pamwamba pake. Titafika pakati pa chitundacho, utsi wa pasiwa ukuoneka, anthu odikira maliro akuonekanso chapatali, injini idatsokomola kamodzi. Ndidatsitsa giya. Idatsokomolanso, n'kutulutsa utsi woyera, mphamvu n'kuthera pomwepo. Ndidaponda buleki, amuna awiri n'kudumpha kukaika miyala kumatayala. Nyimbo idaduka pakati pa mawu.

Kwathu kuno galimoto yonyamula maliro ikazima panjira sitinena kuti yawonongeka. Timati maliro akana. Ndiye kuti womwalirayo ali ndi chifukwa ndi wina wake, ndipo sapita mpaka mlanduwo utakambidwa. Ndaonapo Akatolika a kolona ndi Asilamu a tasibihi omwe akuchita mantha ndi zimenezi, ndipo ine sindiwaseka. Koma tsiku limeneli ndinkadziwa dzina la chimene chakana.

Ndidatenga masipanala ndi botolo loonekera m'kati, n'kulowa pansi pa lole. Dothi lidali lozizira, chinyezi chikulowa m'malaya. Nditamasula kabawuti ka pa fyuluta, m'botolo mudagwa madzi enieni, oti munthu n'kusukusula nawo, kadizilo kakuyandama pamwamba. Ndidakwawira ku thanki, n'kumasula bawuti lake pang'ono, madzi ena n'kumatsika m'mikono mwanga mpaka m'khwapa.

Munthu ukakhala pansi pa lole umamva zonse za pamwamba, poti pakati panu pamangokhala matabwa. Ndidamva nsapato za atsibweni zikukwera kumbuyo. Adayamba kulankhula ndi bokosi, mawu otsika.

"Mwanawe, tafika kale. Kwanu ndi apa. Usativutitse panjira, anthu akudikira. Ngati pali chimene chakukwiyitsa, tiuze."

Mlongo wake wa malemu ndiye adayankha, mawu ali pamwamba. "Mukufunsa chiyani, atsibweni? Akanirenji? Si uyu wakhala pafupi ndi bokosiyu? Adamusiya munthu yekha m'nyumba, lero akufuna alowe naye m'mudzi ngati palibe chidachitika!"

Mkulu wa mpingo adayesa kuziziritsa. "Abale, tiyeni tipemphere. A dalaivala akukonza."

Kenaka ndidaona nsapato zija zatsika, zaima pafupi ndi mutu wanga. Atsibweniwo adawerama.

"A dalaivala, chavuta n'chiyani?"

Botolo lidali m'dzanja langa. Ndikadangolitulutsa, n'kunena kuti bambo, ndi madzi a m'chigubu chanu chija, nkhani ikadathera pomwepo. Koma ndidaona imvi zawo, ndidaona miyendo ya anthu itazungulira, ndidakumbukiranso kuti kachewere wa mudzi umenewu sakwera lole imene mkuluyu sadaivomereze. Zonsezi zidabwera nthawi imodzi. Ndimanena kuti udali ulemu, koma mantha adalimo ambiri.

"Tikuona, bambo," ndidatero. "Pang'ono."

Adaweramuka, n'kutembenukira kwa anthu. "Mwamva? Ngakhale a dalaivala sakuona chovuta."

Ndidagwiranso sipanala. Ndidaganiza kuti njira yopulumutsira mayi uja ndi imodzi, kufulumira, injini ilire anthuwa asanafike naye patali. Ndidamanga bawuti la thanki mafuta oyera atayamba kutsika. Ndidamasula fyuluta, kuikhuthula, kuithira dizilo wabwino, n'kuibwezera. Koma ukatsekula njira ya mafuta mpweya umalowa, ndipo uyenera kuutulutsa wonse. Pamwamba pa fyuluta pali kapampu ka m'manja, pambali pake pali kabawuti. Umamasula kabawutiko n'kumapopa, thovu likutuluka, mpaka mafuta atabwera okhaokha. Ntchito imeneyi siimva changu. Ndidaima pambali pa lole n'kumapopa ndi chala chachikulu, chitatopa n'kupopa ndi chikhatho, thovu osatha.

Pamwamba nkhani idali itakula. Amayi ena ankati mkazi wa malemu agwade apepese, ena ankati atsike ayende wapansi. Ana a malemu atatu adali pomwepo, akumva zonse. Mayiyo adalankhula kamodzi kokha modziteteza.

"Ndalakwa chiyani ine? Si ndidali naye kuchipatala mpaka mapeto?"

"Inu atengwa," adatero atsibweni, osakweza mawu. "Ife sitikukuzengani mlandu. Wakana ndi mwini wake. Kambani naye, dzuwa likupita, kumanda adzukulu atha kale kukumba."

Ndidamva matabwa akulira pamene mayiyo ankagwada. Ine khungu la pachikhatho lidali litasupuka, dizilo akuwawa pabalapo. Thovu lidatha. Ndidamanga kabawuti, n'kuthamangira kutsogolo, n'kupotokola kiyi. Injini idazungulira, osagwira. Batire nalo lidali lotopa ndi chisanu. Pa windo ndidamva mawu a mayiyo.

"Bambo a ana anga, ndikhululukireni. Ndidalakwa kuchoka. Ndidalakwa ine. Tiyeni kwanu."

Ndidapotokolanso kiyi. Injini idalira.

Phokoso limene lidamveka kumbuyo sindidzaliiwala. "Eee! Wamva! Wamva!" Amayi ena adalira mokweza, ena adagwira pakamwa. Mkulu wa mpingo adachita chizindikiro cha mtanda. Atsibweni adakwera, n'kukhala pambali panga, n'kupukusa mutu. Adati, "Za akuluakulu muzizimva, ana inu." Ine ndidaika giya ndili wokwiya, ndipo amene ndidamukwiyira adali ine ndemwe. Ndikadachedwa pang'ono, kapena ndikadafulumira pang'ono, bwenzi zitasiyana. Changu changa chomwecho ndicho chidasanduka mboni yomutsutsa mayiyo.

Botolo lija ndidalibisa kuseri kwa mpando. Ndidati tikachoka kumanda ndiwatengera pambali atsibweniwo ndiwaonetse. Titachoka kumanda adali pakati pa akuluakulu, akulandira anthu opepesa. Ndidati ndidzanena ndikadzabwera kudzatenga kachewere. Nditabwera adandilandira ngati mwana wawo, n'kundigwirira nkhuku, kuthokoza kuti ndidawanyamulira maliro. Munthu wakupatsa nkhuku umayamba bwanji kumuuza kuti adanamizira mayi wamasiye? Botolo ndidadzalitaya tsiku lina ndikutsuka lole.

Atameta maliro, abale a malemu adamusudzula mayi uja. Adabwerera kwawo ku Chongoni ndi ana ake, mtolo wa zovala ndi mapoto. M'nyumba muja mudalowa mlongo wa malemu. Ndidamva nkhaniyi ndikupakira matumba, amene ankasoka pakamwa pake ali wina. Palibe adandifunsa kanthu, ndipo ine sindidanene kanthu.

Zaka zidapita. Mafuta ankapezeka, n'kusowanso, n'kupezekanso. Lole idakalamba, ine n'kukalamba nayo. Pa chitunda chija ndadutsapo kosawerengeka, ndipo lole siidazimeponso. Atsibweni aja adamwalira, ndipo ndidawanyamula ndine ndemwe, thanki nditaikhuthula ndi kuitsuka dzulo lake.

Tsiku lina la msika ndidali ku Mayani kudikira nyemba. Ndidatsika kuti ndigule tomato wa kunyumba. Mayi amene ndidaima pa malo ake adandiyang'anitsitsa, n'kuti, "A dalaivala." Adali ataonda, kumutu kwayamba imvi, koma ndidamuzindikira. Tidapatsana moni, ndidafunsa za ana, adati akula. Adandisankhira tomato wabwino, n'kuwonjezera awiri a basela. Ndikufuna kutembenuka, adanditchinga ndi mawu.

"Ndakhala ndikufuna kukufunsani. Inu mwanyamula maliro ambiri. Tsiku lija, kodi munthu amakhala atakwiya kwambiri kuti afike pozimitsa galimoto yaikulu ngati ija?"

Ndidaona kuti sakundiyesa ayi. Ankafunsa zenizeni. Ine zaka zonsezi ndinkayesa mlandu wanga ndi wa nyumba ndi dimba. Sindidaganizepo kuti mayiyo naye adakhulupirira zoti malemu adamukana.

Ndidakhala pansi pa thumba la makala la mnzake woyandikana naye. Ndidamuuza zonse, za chigubu chachikasu, za mafuta otuwa, za botolo, za kapampu ndi thovu. Ndidalankhula ngati ndikuphunzitsa makaniko, chifukwa mawu ena ndidalibe. Iye ankangosanja tomato wosanja kale.

"Mudadziwa liti?"

"Tisananyamuke kuchipatala, mayi."

"Ndiye pamene ndinkagwada paja, inu munkadziwa."

"Ndinkadziwa."

Ndidadikira kuti anditukwane. Ndikadalandira, mwinanso zikadandipepukira. Koma adangoweramira tomato wake, anthu akudutsa, wina n'kufunsa mtengo n'kupitirira. Kenaka adadzutsa mutu.

"Ndiye kuti sadandikane?"

"Sadakukaneni, mayi. Adali madzi."

Adakoka chitenje n'kuphimba kumaso. Adalira pakati pa msika, dzuwa lili pamutu, kulira kwa maliro enieni, moti amayi anzake adasiya malonda n'kubwera kudzafunsa kuti wamwalira ndani. Ine ndidangokhala pa thumba paja, jumbo ya tomato ili m'manja, osadziwa poyang'ana. Atatonthola adapukuta m'maso, n'kulankhula osandiyang'ana.

"Atamanga chiliza cha bambo a ana anga, abale ake adatumiza uthenga kuti ndibwere. Ana adapita okha. Ine ndidakana, ndinkaopa kuti malemu akandibwezanso anthu akuona."